Mankhwala a Dyton si a chilimwe chokha

Foni inalira ndikuika tomato pamilu, m'mbali mwa msewu pa Lirangwe pomwe ndimagulitsa. Ndinapukuta manja pachitenje n'kuyankha. Anali a January, amalume ake a Lucia, mkazi wa mchimwene wanga Dyton. Ngakhale moni sanapereke.

"Mayi Maness, bwerani mudzatenge munthu wanu. Ife kuno zatikwana."

"Munthu wanga? Watani kodi?"

"Mudzaona nokha. Mubwere lero lomwe. Katundu wake tamanga kale."

Anadula. Abale inu, ndinangoti kakasi, foni ili kukhutu. Munthu wanga! Pamene Dyton ankawaumbira njerwa ndi kuwalimira minda anali "mkamwini wathu". Lero zavuta ndiye wasanduka wanga. Ndinasiyira tomato mnzanga wa pabenchi yoyandikana nane, n'kukwera minibasi mtima ukuwira.

Ndikuuzeni kaye za Dyton. Iyeyu ndi wamng'ono kwa ine. Anakwatira kwa Kuntaja, kuseri kwa bwalo la ndege la Chileka, ndipo amakhala kwawo kwa mkazi monga mwa mwambo. Ali ndi ana awiri. Akuluakulu athu anatha, ndiye nkhoswe ya kuchimuna ndinatsala ndine. Chaka cha dzana Dyton anadwala matenda a maganizo. Tulo sitinkabwera, ndipo ankamva mawu amene enafe sitinkawamva. Anagonekedwa kuchipatala chachikulu, anatulukako ali bwinobwino, atapatsidwa mapiritsi oti azimwa tsiku ndi tsiku. Ine ndinkati nkhani ija inathera pomwepo.

Ndinatsika pa Kameza, kukwera ina ya ku Chileka, kenako kabaza m'matope okhaokha. Inali nyengo yopalira, chimanga chikufika m'mawondo.

Pakhonde ndinapeza thumba lakale la fetereza, muli zovala za Dyton, nsapato zake zili pamwamba. Lucia anakhala pansi, maso otupa ndi kulira. A January anali pampando, mwendo pamwamba pa unzake. Chitseko cha nyumba chinali chomanga ndi waya.

"Mwamutsekera?" ndinafunsa.

"Nanga titani?" anatero a January. "Tiyeni kaye kumunda mukaone ntchito ya m'bale wanu."

Iwo amakhala tsidya la mtsinje kwa akazi awo, koma ali ndi munda woyandikana ndi wa Lucia. Titafika ndinagwira pakamwa. Mbali yonse ya kumtunda ya munda wawowo inali yozulidwa. Chimanga chothira kale fetereza chinali chitaunjikidwa bwinobwino m'mphepete, chikufota. Ndi mmene fetereza akuvutira masiku ano, sindikanawaletsa kukwiya.

"Akuti pansi pa mizere pali mawaya," anatero Lucia motsitsa mawu. "Akuti mawayawo ndi amene akuuza ndege komwe iwo ali. Ndege ikamadutsa amalowa kunsi kwa bedi."

Tikubwerera kunyumba ndinamufunsa, "Alamu, mankhwala akumwa?"

Lucia anayang'ana pansi. "Tinaimitsa kaye, alamu."

"Munaimitsa? Anakuuzani ndi adokotala?"

"Ayi. Tinangoti mpaka tithe kupalira."

Ndinaima panjira pomwepo. "Tabwerezanso, mwina makutu anga ndi amene akudwala."

Anafotokoza akulira. Mankhwala aja ankamugonetsa Dyton mpaka dzuwa kukwera. Akadzuka khosi linali louma, manja akunjenjemera, khasu likupulumuka. Pamudzi anayamba kumutcha mkamwini wogona. Azimayi popita kudimba ankafunsa mokweza kuti, "Abwana adzuka?" Dyton ankamva zonsezo ali m'nyumba.

"Ndinawalangiza ndine, ndipo sindikubisa," anatero a January. "Mkamwini angagone anzake ali kumunda? Mankhwala amenewa ndi abwino m'chilimwe, ntchito kulibe. Dzinja likafika munthu aziika kaye pambali. Chaka chatha tinaimitsa pang'ono nthawi yopalira, chinalakwika n'chiyani? Ndiye chaka chino tinati tiyambire pa mizere pomwe."

Kuyambira pa mizere! Mvula isanagwe n'komwe! Zinandikwana ndithu.

"Bambo January, ndiye mwamulanda munthu mankhwala kuti akulimireni. Wakulimirani. Mutu wasokonekera. Basi ndimutenge ine? Mukundiona ngati dzala ine?"

"Mayi, samalani pakamwa."

"Pakamwa panga palibe vuto. Vuto lili m'nyumba umo, mwalimanga ndi waya." Ndinatembenukira kwa Lucia. "Alamu, tulutsani mapiritsiwo. Amwe anayi pakamodzi, tibwezere onse amene anadumpha."

"Mayi, chimenecho ndiye ayi."

Mawuwo anachokera kumbuyo kwanga. Anali bambo wovala yunifomu ya buluu, atanyamula chigubu cha klorini. Lucia anati ndi a Wilkins, alangizi a zaumoyo a m'deralo. Ankayenda khomo ndi khomo kugawa mankhwala othira m'madzi, ndiye anamva phokoso lathu.

"Mukampatsa ambiri pakamodzi mukhoza kumuvulaza," anatero a Wilkins. "Kuimitsa nokha n'kolakwika, kuwonjezera nokha n'kolakwikanso. Zimenezo amaona ndi achipatala. Wodwalayo ali kuti?"

Ndinachita manyazi, koma sindinatsutse. Tinawalozera chitseko.

A Wilkins anatipempha kuti tisunthe pang'ono ndi kutsitsa mawu. Anagogoda. "A Dyton, ndine Wilkins, uja wa klorini. Ndikufuna nditsegule. Mukundilola?"

Kenako tinamva, "Tsegulani, koma msanga."

Dyton anali ataonda, matope mpaka m'tsitsi. Atandiona anati, "Achemwali, mwabwera? Musaime poyera, akuonani." Ukali wanga wonse unasanduka misozi.

A Wilkins sanakangane naye za ndege. Sanamuuze kuti ndi zoona, sanamuuzenso kuti akunama. Anangoti, "Ndikuona kuti muli ndi mantha, ndiponso mwatopa. Munagona liti tulo tabwino?" Dyton anati sakukumbuka. "Ndiye tiyeni tikaonane ndi adokotala kuti mupeze tulo. Ndikuperekezani ine, achemwali anunso alipo." Dyton anavomera, bola tidutse njira ya m'mitengo.

Pamene ankasamba m'manja ndi kudya nthochi, a Wilkins anamufunsa Lucia komwe amatenga mankhwala.

"M'tauni, kuchipatala chachikulu. Ndimapita ndekha ndi buku lawo. Anthu awiri thiransipoti sitingakwanitse."

"Ndiye chitulukireni adokotala sanawaonenso?"

"Sanawaone."

"Akakufunsani kuti akupeza bwanji, mumati chiyani?"

"Ndimati ali bwino."

"Za kugona ndi kunjenjemera simunanenepo?"

"Ndimaopa kuti akawagonekanso. Komanso munthu wakupatsa mankhwala aulere, ungayambe kudandaula?"

Ndinangopukusa mutu. Ulemu wathuwu udzatipha tsiku lina. Munthu akuvutika chaka chathunthu, koma yankho ndi lomwe lija la pamoni, "ali bwino".

"Mayi, simukuyenera kupita m'tauni," anatero a Wilkins. "Pachipatala chathu chaching'onochi pamabwera anamwino a matenda a maganizo kamodzi pamwezi. Ndi ulendo wapansi."

"Chiyambire liti?" ndinafunsa.

"Papita nthawi ndithu."

"Ndiye inu mumadutsa pakhomo pano ndi klorini wanu, osawauza?"

Ndinkayembekeza kuti adzikanira, koma ayi. "Pamenepo talakwa ndife," anatero. "Ndimafunsa za zimbudzi, za katemera, za madzi. Za maganizo sindinafunsepo pakhomo pano, ndipo nawonso sananene. Tikonza. Koma lero sitidikira tsiku la kiliniki. Munthu akafika posagona ndi kuchita mantha chonchi, timapita tsiku lomwelo."

A January anadzuka pampando. "Zonsezo ndamva. Koma thumba ili likupita ku Lirangwe. Ine mbumba yanga sindingaisiye ndi munthu wozula chimanga."

Apa Lucia, amene ndinkamuyesa wofatsa kwambiri, anakweza mutu. "Amalume, ine sindinanenepo kuti bambo a ana angawa apite. Thumbalo mwamanga ndinu."

A January anakanda m'mutu, n'kuyang'ana kumunda kwawo. "Chabwino. Tidikira mpaka tikolole. Tikakolola tidzakhala pansi ankhoswe. Akadzakhala asanasinthe, Mayi Maness, mudzanyamula m'bale wanu popanda mkangano."

"Ndavomera," ndinatero. "Koma tsiku la kiliniki mudzapita nawo. Poti udokotala munauyamba kale, mukamve anzanu akuti chiyani."

Madzulo omwewo tinafika naye kuchipatala chaching'ono chija. Adokotala a pamenepo anamuyeza malungo ndi zina, n'kuimbira foni anamwino aja kuti agwirizane chochita. Anamubaya jakisoni, anamupatsa mapiritsi a masiku ochepa, n'kutiuza kuti zikaipiraipira tibwerere msanga kuti amutumize kuchipatala chachikulu. Anatiuzanso kuti asatsekeredwenso, koma pazikhala munthu wamkulu pafupi naye. Dyton anagona tulo kwa nthawi yoyamba.

Sabata yotsatira ndinasiyanso tomato wanga, ena akuola, n'kubwera ku kiliniki. Tinalipo ine, Dyton, Lucia ndi a January, amene anavala jekete ngati akupita ku khoti.

Koma abale, malo amene anatiika! Kuseri kwa chipatala, pafupi ndi dzenje lootchera zinyalala, popanda benchi ngakhale imodzi. Tinalipo anthu ochepa chabe, aliyense atazolika. Odutsa ankalozerana. Mayi wina anauza mnzake mokweza kuti, "Uwo ndi mzere wa amisala."

"Mayi inu," ndinamuyankha, "mzere wanuwo ndi wa chiyani? Ifenso tikuloze?" Anathawa. Lucia anandikoka chitenje kuti ndikhale pansi, koma pokhala pake panalibe.

Dzuwa linafika pamutu anamwino asanabwere. A January anayamba kuyang'ana njira. "Ine ndasiya kubandira chifukwa cha zimenezi?" Ndinawauza kuti akasuntha ndiwatsatira mpaka kwa akazi awo. Kenako galimoto inafika, ndipo munatsika mayi wamfupi atanyamula katoni. Anapepesa, anati galimotoyo ndi imodzi, inayamba yakatula katemera kwina. Dzina lawo anati ndi a Nellie.

Titalowa, a Nellie anafunsa, "A Dyton, mukupeza bwanji?"

"Ali bwino," anayankha Lucia msangamsanga.

Ndinamuponda chala. A Nellie anaseka. "Mayi, zikomo, koma ndafunsa eni ake. Ndipo muno 'ndili bwino' timamusiya pakhomo. Muno timanena zimene zikuvuta."

Dyton anayamba pang'onopang'ono. Anati mawu aja akumvekabe koma patali. Ndege akuziopabe, koma sakubisalanso. Kenako ananena zimene ine sindinazimvepo.

"Amayi, ine ulesi ndilibe. Ndinkamva tambala akulira, ndikufuna kudzuka, thupi osalola. Ndikafika kumunda anzanga akuweruka. Ana anga ankamva anthu akundiseka. Amalume atanena zoimitsa ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinati bola ndidwale kusiyana n'kukhala mkamwini wosekedwa."

A January anayang'ana pansi, chipewa chili m'manja.

"Mwachita bwino kunena," anatero a Nellie. "Kugona kwambiri, kuuma khosi, kunjenjemera, kutuluka malovu, zonsezi zimachitika ndi mankhwala ena. Si ulesi, si matendanso. Ndipo zimakonzeka. Tikhoza kuchepetsa mlingo, kusintha nthawi yomwera, kapena kusintha mtundu wa mankhwala. Koma sitingakonze chimene sitinachione. N'chifukwa chake wodwala azibwera yekha, osangotumiza buku."

Anamuyeza manja, anamuuza kuti ayende mpaka pakhomo n'kubwerera. Anamusinthira mankhwala, n'kunena kuti azimwa madzulo akatha kudya. Anati mwezi wamawa adzaonanso ngati mlingowo wamuyanja.

A January anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. "Ndifunse nawo. Kodi adzalima?"

"Adzalima, koma osati mawa. Thupi ndi mutu zikufuna nthawi. Ayambe ndi ntchito zopepuka."

"Nanga akachira, dzinja likubwerali sangapume kaye mankhwalawo? Chaka chatha tinaimitsa osaona vuto."

Ine ndinatsegula pakamwa, koma a Nellie anandiyang'ana, ndinatseka.

"Bambo, funso lanu ndi labwino, ambiri amaganiza choncho," anatero. "Munthu akasiya mankhwala matenda sabwerera tsiku lomwelo. Amabwera mozemba, patapita masabata kapena miyezi. Chaka chatha munangochita mwayi. Ndipo akamabwerera kawirikawiri amavuta kuwagonjetsa. Kodi kwanu kuli amene amamwa mankhwala a BP?"

"Akazi anga."

"Mumawaimitsa nthawi yopalira?"

"Aaa, ayi. Angagwe."

"Awanso ndi chimodzimodzi. Tsiku lochepetsa kapena kusiya likadzafika, tidzakambirana ndi eni akewa muno. Silidzachokera kumunda."

Anatiuzanso zizindikiro zoti tiziyang'anira: kusowa tulo, kudzipatula, kulankhula yekha, kukayikira anthu popanda chifukwa, kapena kunena zofuna kudzipha. Anati tikaona chimodzi mwa zimenezi tiuze a Wilkins kapena tibwere kuchipatala, osadikira kuti munthu azule chimanga. Mowa ndi chamba anati ayi ndithu. Kupemphera anati pempherani, koma mankhwala akumwa.

Tisanatuluke ndinati, "Amayi, ine ndili ndi dandaulo. Bwanji mumatiika kudzala? Bwanji anthu a m'midzi sadziwa kuti mumabwera?"

"Zimenezo zimandiwawa inenso," anayankha. "Ndanenapo, koma mawu a munthu mmodzi sapita patali. Chipatala chino chili ndi komiti ya anthu a m'midzi yomwe imamva madandaulo. Mukalankhula eni akenu zimamveka."

Ndinabwerera ku Lirangwe ndi kamtima kabwino. Koma musaganize kuti zinangoyenda myaa. Mwezi wotsatira Lucia anandiimbira akulira.

"Alamu, takhala tsiku lonse, anamwino sanabwere. Akuti galimoto yawonongeka. Mapiritsi atsala a mawa okha."

Ndinakhala pathumba la anyezi. Munthu wayesetsa, wasiya ntchito, wabwera ndi wodwala wake monga anamuuzira, ndiye galimoto! Ndinamuuza kuti asachoke, afunefune a Wilkins. A Wilkins anaimbira a Nellie, a Nellie analankhula ndi adokotala a pamenepo, ndipo anapeza mapiritsi okwana masabata awiri. Anthu ena amene analibe wowalankhulira anabwerera chimanjamanja.

Amene anapsa mtima koposa pa nkhaniyi simungawaganizire. A January! Iwo anaperekezanso tsiku limenelo, poti anati akufuna aone okha ngati mkamwini akusintha. Kuwaimika padzuwa tsiku lonse kunali kuputa mavu. Komiti ya chipatala itakumana anapita, jekete lomwe lija, pamodzi ndi Lucia ndi mabanja ena a pamzere uja. Lucia akuti a January analankhula mpaka wapampando anawapempha kuti apume.

Anapempha zinthu zomveka. Kiliniki ichoke kudzala. Tsiku lake lizilengezedwa m'matchalitchi, m'mizikiti ndi pamisonkhano ya m'midzi. Pachipatala pazikhala mankhwala osungira kuti galimoto ikalephera anthu asabwerere opanda kanthu. Alangizi akamayenda m'makomo azifunsanso za maganizo, ndi kuyendera amene sanabwere ku kiliniki.

Sizinatheke zonse, ndisaname. Galimoto imachedwabe mpaka lero. Koma kiliniki inasamukira m'chipinda momwe amachitira sikelo ya ana, muli mabenchi. Kabati ya mankhwala osungira ilipo. Adokotala a pamenepo anapita kukaphunzira za matenda a maganizo, moti a Nellie akalephera odwala amaonedwabe. Atalengeza m'matchalitchi, mzere uja unakula mpaka mabenchi kuchepa. Anthu amenewa anali kuti masiku onsewa? Anali m'nyumba, abale awo akuuza alendo kuti ali bwino.

Dyton naye sanachire ngati kuzimitsa nyali. Mlingo anausintha kawiri. Panali masiku ena ankangokhala chete pakhonde. Koma manja anasiya kunjenjemera, tulo tinabwerera m'malo mwake, ndipo anayamba kudzuka pamodzi ndi anzake. Iye ndi Lucia analowa gulu la odwala ndi owasamalira limene limakumana ikatha kiliniki. Akuti kumeneko ndi kumene anasekako koyamba.

Titakolola, uthenga unabwera kuti ankhoswe tikumane. Ndinanyamuka ndi mawu anga okonzeka kale. M'minibasi monse ndinkayeserera mmene ndiwayankhire a January, mpaka mayi amene ndinakhala naye anandifunsa ngati ndili bwino.

Tinakhala pabwalo pa nyumba ya Lucia. Panali azimayi a pamudzi angapo, ena mwa iwo omwe aja ofunsa ngati abwana adzuka. Dyton anakhala pambali pa mkazi wake, manja ali pamawondo. Ndinkaona kuti akuopa. Ngati a January akanati apite, akanasiya ana ake, nyumba yomanga yekha ndi chipatala chimene chinamuzolowera, n'kukayambanso kwa ine ku Lirangwe m'chipinda chosungira tomato.

A January anatsokomola. "Tinapangana kuti tikakolola tidzaona. Taona. Lucia, mawu ako?"

"Mawu anga ndi omwe aja, amalume. Awa ndi amuna anga."

"Mkamwini, nawe?"

"Amalume, chimanga chanu ndinawononga, ndipo ndikupepesa. Matendawa sindinganene kuti atha. Ndikumwabe mankhwala, mwina ndidzamwa nthawi yaitali. Dzinja likubwerali sindidzaimitsa, ngakhale wina andiseke. Ngati mukufuna mkamwini wosamwa mankhwala, ameneyo si ine."

Ndinakonzeka kulumphira. Koma a January anangozunguza chipewa m'manja. Atayamba kulankhula mawu awo anali ena.

"Ine ndili ndi nkhani. Mwana wanga Maluwa, tsidya lija, chibadwire khanda lake sali bwino. Salankhula kwenikweni. Amangolira. Mwana akalira iye amayang'ana kukhoma. Takhala tikuuza anthu kuti ndi malungo, ndipo tamusunga m'nyumba kuti asaonedwe. Pa kiliniki paja ndinamva anamwino akufotokozera mayi wina zofanana ndi zimenezi. Ndinamuuza Maluwa kuti tipite, wakana. Akuti akamuseka. Akuti akamutsekera."

Azimayi aja anazolika.

A January anatembenukira kwa Dyton. "Ine ndikalankhula amangomva ukali. Koma iwe wadutsamo. Mwina iwe ndi Lucia akhoza kukumverani. Ungapite ukalankhule naye, mwana wanga?"

"Ndipita, amalume," anatero Dyton. "Ngakhale lero. Ndipo tisadikire tsiku la kiliniki. Tiwauze a Wilkins, mawa tipite naye."

Ine mawu anga onse okonza m'minibasi aja anasowa ntchito. Komabe ndinafuna kumva ndi makutu anga. "Bambo January, ndiye m'bale wangayu ndimutenge kapena ayi?"

"Mumutenge kupita naye kuti?" anandiyankha mokalipa, ngati wolakwa ndine. "Uyu ndi wa pano. Akachoka, atiperekeza ndani?"

Lucia anaphimba nkhope ndi chitenje. Dyton anangoweramitsa mutu, mapewa akugwedezeka. Ine ndinadzuka n'kunena kuti ndikukaona ngati madzi a tiyi awira, poti sindinkafuna kuti a January andione ndikulira.

Tsono inu amene mukuwerenga, ndimvereni, chifukwa ine ndinataya tomato wambiri kuti ndidziwe zimenezi. Matenda a maganizo ndi matenda ngati ena onse, ndipo ali ndi chithandizo. Mankhwala ake alibe dzinja kapena chilimwe. Musaimitse nokha, musawonjezere nokha. Akamamuvutitsa wodwala, pitani naye iye mwini akanene zoona zake, chifukwa achipatala akhoza kusintha. Musamutsekere, musamumange, musamubweze kwawo ngati katundu. Funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu komwe mungapeze thandizo pafupi. Ndipo chithandizocho chikakhala choperewera, musangodandaulira m'njira pobwerera. Pitani ku komiti ya chipatala chanu mukanene, muli ambiri.

Maluwa anapita kuchipatala mawa lake, khanda lili kumsana kwa Lucia, Dyton ali patsogolo.